Chiliza Chimene Chinatenga Zaka 18

Anthu ambiri akaona chithunzi kapena chosema chimene chawakhudza amafulumira kunena kuti mwini wake anakhuthula za kukhosi. M'maganizo mwawo, waluso ndi munthu amene chisoni kapena chimwemwe chikamudzadza amangotola burashi kapena sompho, za mumtima n'kumayenderera zokha mpaka pansalu kapena pamtengo. Maganizowa ndi okoma kuwamva, ndipo aluso ena amawakonda chifukwa amawapatsa ulemu wonga wa alosi. Koma tikalondola bwino mmene ntchito zikuluzikulu zinapangidwira, makamaka pamene pali umboni wa makalata, zojambula zoyeserera ndi zimene eni ake anataya, timapeza kuti nkhani yake ndi ina. Zimene munthu akumva poyamba ntchito kawirikawiri si zimene zimatsala ntchitoyo ikatha. Ntchito imapeta za mumtima, imakana zina, ndipo nthawi zina imamuonetsa mwini wake kuti zimene ankayesa zake zinali zobwereka kwa anthu ena. Mwa aluso amene anasiya umboni womveka wa zimenezi, Käthe Kollwitz wa ku Germany ndi wovuta kumuposa, chifukwa kuyambira mu 1908 mpaka mu 1943 ankalemba m'mabuku ake zochitika ndi zolingalira za tsiku ndi tsiku, ndipo chiliza cha mwana wake chinamutengera zaka 18.

Käthe anabadwa mu 1867 mumzinda wa Königsberg. Mu 1891 anakwatiwa ndi Karl Kollwitz, dokotala amene ankathandiza anthu osauka kumpoto kwa Berlin, m'dera limene lero limatchedwa Prenzlauer Berg. Chipinda choonera odwala chinali m'nyumba yomwe banjalo linkakhala, choncho amayi otopa, ana owonda ndi abambo osowa ntchito ankamupeza pakhomo pomwe. Anatchuka mu 1898 ataonetsa zithunzi zodinda za anthu owomba nsalu amene anaukira mabwana awo chifukwa cha njala. Oweruza anafuna kumupatsa mendulo yagolide, koma mfumu Wilhelm II inakana. Nkhondo isanayambe, mayiyu anali kale katswiri amene dzanja lake linkadziwa kujambula msana wopindika ndi nkhope yolira popanda kuphonya. Mfundoyi tiisunge, chifukwa ikutanthauza kuti kuchedwa kumene kukubwera sikunali kwa munthu wophunzira ntchito.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu Ogasiti 1914 (yomwe ija imene mwezi wotsatira inafika mpaka ku Karonga), mwana wake wachiwiri, Peter, anali ndi zaka 18. Anafuna kulowa usilikali mongodzipereka, koma pa msinkhu wakewo lamulo linkafuna chilolezo cha bambo. Karl anakana. Amene anathandiza mnyamatayo kunyengerera bambo ake mpaka kuvomera anali mayi ake omwe. Peter anapita kunkhondo chapakati pa Okutobala, ndipo pa 22 mwezi womwewo anaphedwa pafupi ndi Diksmuide ku Belgium, asanathe ngakhale milungu iwiri kumeneko. Kumayambiriro kwa Disembala 1914 Käthe anali atalemba kale za chikumbutso chimene ankafuna kupanga. Peter adzagona chotambalala, bambo adzakhala kumutu, mayi kumiyendo, ndipo chonsecho chidzaikidwa pachitunda cha Schildhorn moyang'ana mtsinje wa Havel, kuti chilemekeze nsembe ya anyamata onse amene anadzipereka. Amene amakhulupirira kuti luso ndi kukhuthula za mumtima zikadali zotentha sangapeze nthawi yabwino kuposa imeneyi: maliro anali a mwezi umodzi, chisoni chinali chosasukuluka, ndipo waluso anali wodziwa ntchito.

Komabe chikumbutsocho chinakana. Anachiumba ndi kuchiumbanso kwa zaka zoposa zinayi, akusintha mutu, manja, kagonedwe, mpaka mu 1919 anachiika pambali osachimaliza. Chifukwa chake chimaoneka tikaika zolemba zake pambali pa ntchitoyo. Chikumbutso choyambacho chinali ndi uthenga wakuti imfa ya Peter inali nsembe yopatulika yoperekedwa ku dziko. Uthengawo ndi umene unali m'manyuzipepala, m'maulaliki ndi m'kamwa mwa Peter mwini, ndipo mayi amene anathandiza mwana kupita kukafa ankaufunitsitsa, chifukwa popanda uthengawo chotsala chinali mlandu wake. Koma pofika mu 1916 anayamba kudzifunsa ngati anyamata a mayiko onse omenyanawo sananamizidwe, ndipo ankaopa kuti kuganiza choncho n'kumupereka Peter. Mu Okutobala 1918, wolemba ndakatulo Richard Dehmel atapempha kuti amuna otsala adzipereke kunkhondo yomaliza, Käthe anamuyankha poyera m'nyuzipepala ya Vorwärts kuti anthu afa okwanira. Munthu amene wafika pamenepo sangathe kuumba mnyamata wogona mwaulemerero ngati nsembe. Ndikuona kuti manja ake anazindikira zimenezi mutu usanavomere. Dongo silinama m'malo mwa munthu: ukaumba nkhope yamtendere pomwe iwe sukhulupirira mtenderewo, nkhopeyo imatuluka yopanda kanthu, ndipo mmisiri wodziwa amaona yekha. Chisoni cha mu Disembala 1914 chinali chenicheni, koma chinali chitavala chovala cha boma, ndipo panafunika zaka zinayi za kulephera kuti chovalacho chivuke.

Zimene zinachitika m'zaka zimene chikumbutsocho chinali chovundikira zimaonetsa mbali ina ya nkhaniyi, yakuti chida chogwirira ntchito nacho chili ndi mawu pa zimene waluso angamve. Mu Januwale 1919 mtsogoleri wa chikomyunizimu Karl Liebknecht anaphedwa ku Berlin, ndipo banja lake linapempha Käthe kuti akajambule mtembowo. Iye sanali wa chipani cha Liebknecht, koma anapita. Atafuna kupanga chithunzi chodinda kuchokera pa zojambulazo, anayamba ndi njira imene anaizolowera, yokanda mizere pachitsulo cha kopa n'kuidyetsa asidi. Sanakhutire. Anayesa yojambula pamwala wosalala ndi choko chamafuta, nayonso inakana. Mu 1920 anaona zithunzi za waluso mnzake Ernst Barlach zodinda ndi thabwa logoba, ndipo anatengera njirayo. Pathabwa palibe mpata wa mizere yofewa kapena mthunzi wonyengerera. Mpeni ukachotsa nyama ya mtengo, pamenepo padzakhala poyera mpaka kalekale, ndipo chotsala chonse n'chakuda bii. M'chithunzi chimene chinatuluka, malemuyo ndi kamzere kopyapyala m'munsi, ndipo malo onse atengedwa ndi khamu la antchito olira. Kenaka anagoba zithunzi 7 zotchedwa Krieg, kutanthauza nkhondo, cha m'ma 1921 ndi 1922. Mmenemo mulibe mfuti kapena bwalo lankhondo. Muli amasiye, amayi ndi makolo, ndipo m'chimodzi mwa izo bambo ndi mayi agwada atakolekerana ngati thanthwe limodzi. Maso a waluso anali atachoka pa wakufa n'kupita pa otsala, ndipo anafika kumeneko kudzera mu mpeni ndi thabwa.

Atabwerera ku chikumbutso chija mu 1924, anachita chinthu chimene mayi wa mu 1914 sakanachilola: anamuchotsamo Peter. Mu 1926 iye ndi Karl anapita kukaona manda a asilikali ku Roggevelde, kumene mwana wawo anaikidwa, ndipo ataona mitanda yambirimbiri ija anatsimikiza za malo ndi kaimidwe ka ntchitoyo. Chikumbutso sichidzaikidwanso pachitunda cha ku Berlin kuti anthu azichiyang'ana chokweza maso. Chidzakhala kumanda komweko, ndipo mtembo wa pakati pa makolo awiriwo adzakhala manda onsewo. Zoumba zapulasitala zinaonetsedwa ku Berlin mu 1931, ndipo za mwala wa granite zinaimikidwa ku Roggevelde mu Julayi 1932. Ndi anthu awiri ogwada, aliyense pamwala wake. Bambo, amene ali ndi nkhope ya Karl, wagwada chowongoka atadzikumbatira mwamphamvu ngati akuopa kuti akamasula manja aphwasuka. Mayi, wa nkhope ya Käthe, wawerama atadzikulunga m'chofunda, maso pansi. Sakukhudzana, ndipo mpata umene uli pakati pawo ukunena zimene mabanja ambiri ofedwa amazidziwa koma satchula, kuti imfa ya mwana imatha kusiya mwamuna ndi mkazi akulira payekhapayekha m'nyumba imodzi. Palibe mbendera, chisoti kapena mawu otamanda dziko. Ife timadziwa kuti tsiku loika maliro ndi lina ndipo tsiku lomanga chiliza ndi lina. Olira pa tsiku loyamba safunsidwa mawu oti alembedwe pamwala, ndipo mawuwo amasankhidwa mitima itakhazikika moti abale n'kumatha kutsutsana kuti awa ayi, awa ndiwo. Kwa Käthe mpata wa pakati pa masiku awiriwo unali zaka 18.

Wina atha kutsutsa kuti ndikupereka tanthauzo lalikulu ku chinthu wamba. Zakazo zinali za nkhondo, njala ndi kugwa kwa ndalama kwa mu 1923, ndipo mwala ndi amisiri zimafuna ndalama. Käthe analinso wotanganidwa: mu 1919 anakhala mkazi woyamba kusankhidwa kukhala membala wa bungwe la aluso la Prussian Academy of Arts, ndipo mabungwe othandiza anjala ndi otsutsa nkhondo ankamupempha zithunzi zapakhoma kosalekeza. Komanso kuumba ndi kusema anakuyamba mochedwa poyerekeza ndi kujambula. Zonsezi n'zoona, ndipo zimafotokoza mbali ya kuchedwako. Chimene sizifotokoza ndi kusintha kwa ntchitoyo. Kusowa ndalama kukanachedwetsa chikumbutso cha mnyamata wogona, koma sikukanamuchotsa mnyamatayo pakati. Chimene chinaimikidwa mu 1932 chikutsutsa chimene chinalingaliridwa mu 1914 pa mfundo yeniyeni yakuti imfa ija inali chiyani, ndipo mtengo wa granite ulibe nazo gawo zimenezo.

Chitsutso champhamvu kuposa ichi ndi chithunzi chotchedwa Guernica. Pa 26 Epulo 1937, m'kati mwa nkhondo yapachiweniweni ya ku Spain, ndege za Germany ndi Italy zinaphulitsa tauni ya Guernica ku Spain. Pablo Picasso, amene anali ku Paris, anayamba zojambula zoyeserera pa 1 Meyi, ndipo kumayambiriro kwa Juni chithunzi chachikulu cha mamita pafupifupi 3.5 m'litali lopita m'mwamba ndi 7.8 m'mbali chinali chitatha. Boma la Spain linali litamupatsa kale ntchito yojambula chithunzi chachikulu mu Januwale, ndipo kwa miyezi itatu sanachite zambiri mpaka mkwiyo utamugwira. Kodi umenewu si umboni wakuti moto wa mumtima ndiwo umabala luso, ndipo umabala msanga? Ndikuvomera kuti popanda mkwiyowo chithunzicho sichikanakhalapo, monganso popanda imfa ya Peter sipakanakhala makolo amwala aja. Koma milungu isanu ija tili nayo umboni wake, chifukwa Picasso anasiya zojambula zoyeserera zoposa 40, ndipo Dora Maar ankajambula nsaluyo ndi kamera pamene inkasintha. Zithunzi zakezo zimaonetsa kuti poyamba pakati pa nsalu panali mkono wa msilikali wakufa utakwezedwa m'mwamba ndi chibakera, chizindikiro cha kusagonja chimene aliyense wa mbali ya boma la Spain akanachiwombera m'manja. Picasso anauchotsa. Anayesanso kumata mapepala amitundu pansaluyo, n'kuwamatula, kusiya zakuda, zoyera ndi zotuwa. Ng'ombe, hatchi yolasidwa ndi mkazi wonyamula nyale sizinabadwe mu Meyi 1937. Anali akuzijambula kwa zaka, ndipo zambiri zimaoneka kale m'chithunzi chake chodinda cha mu 1935 chotchedwa Minotauromachy. Choncho chimene Picasso anachita pa milungu isanu ndi chomwecho chimene Kollwitz anachita pa zaka 18: anayamba ndi mfuu imene gulu lake linkafuna kumva, anaiona pansalu, n'kuichotsa. Kusiyana kwa liwiro mwina kukuchokera pakuti amene anafa ku Guernica sanali mwana wa Picasso, ndipo Picasso sanathandize munthu aliyense kupeza chilolezo chopitira kunkhondo.

Palinso amene zonsezi zimawanyansa pang'ono. Amafunsa kuti ndi mayi wotani amene amayeza chisoni chake ndi rula, n'kumaima patali kuti aone ngati phewa la wolira lapendekeka bwino. Ndipo akamva kuti mwalawo sanauseme yekha, kuti bambo uja anasemedwa ndi August Rhades ndipo mayi ndi Fritz Diederich potsata zoumba zake, amati ndiye za mumtima zili pati, poti tchizulo chinali m'manja mwa anthu ena amene sanamudziwe Peter? Funsoli lili ndi yankho losakoma. N'zoona kuti mwa waluso mumakhala diso lozizira limene silitsinzina ngakhale pamaliro. Mu 1903, Peter ali ndi zaka 7, Käthe anapanga chithunzi chodinda cha mkazi atafungatira mwana wakufa, nkhope ataikwirira m'chifuwa cha mwanayo ngati chilombo chofuna kumumeza kuti abwerere m'mimba. Kuti achijambule, anakhala pagalasi atamunyamula Peter yemweyo. Ambiri amachitcha ulosi, koma ine ndimachiona ngati umboni wakuti ankatha kufika pansi penipeni pa chisoni chimene chinali chisanamugwere, pogwiritsa ntchito maso, mantha a mayi aliyense ndi zimene ankaona m'chipinda cha odwala cha mwamuna wake. Chodabwitsa n'chakuti chithunzi cha mu 1903 n'cholusa kuposa makolo a mu 1932. Chisoni chongoganizira chinakuwa. Chenicheni chinagwada n'kudzigwira. Kuti amisiri ena anasema mwalawo sikuchotsa kanthu, chifukwa za mumtima wa Käthe sizinali m'thukuta la wogwira nyundo. Zinali m'zosankha: awiri osati atatu, ogwada osati oima, otalikirana, opanda mawu. Zosankha zotere zimatha kupimidwa n'kusamutsidwira pamwala ndi munthu wina, ndipo n'chifukwa chake zimathanso kufika kwa mlendo amene sadziwa dzina la Kollwitz. Misozi ya wosema ikanagwera pamwalapo ikanauma tsiku lomwelo.

Masiku ano anthu amakonda kunena kuti luso limachiritsa, ndipo nkhani ya Käthe imakambidwa kawirikawiri ngati ya mayi amene anadzichiza ndi dongo. Umboni suvomereza kwenikweni. Chiliza chitaimikidwa, sanatembenukire ku maluwa ndi mitsinje. Pakati pa 1934 ndi 1937 anapanga zithunzi 8 za imfa ikugwira anthu, ndipo cha m'ma 1937 anaumbanso mayi atakhala pansi, mwana wake wakufa, mnyamata wamkulu kale, ali pakati pa mawondo ake. Peter amene anamuchotsa pachikumbutso anabwereranso m'manja mwake patatha zaka zisanu. Nthawi imeneyo chipani cha Nazi chinali chitamukakamiza kutuluka mu Academy mu 1933 ndipo ntchito zake zinkachotsedwa m'malo oonetsera. Karl anamwalira mu 1940, mdzukulu wake, amenenso dzina lake linali Peter, anafera kunkhondo ya ku Russia mu 1942, nyumba ya ku Berlin inaphulitsidwa mu 1943, ndipo iye anamwalira pa 22 Epulo 1945 ku Moritzburg, nkhondo itatsala masiku ochepa kutha. Chimene ntchito inamuchitira n'chocheperako poyerekeza ndi kuchira, ngakhale kuti n'chosowa: inamuthandiza kudziwa chimene ankamva kwenikweni, n'kuchilekanitsa ndi chimene dziko linkafuna kuti amve. Makolo amwala aja anasamutsidwa m'zaka za m'ma 1950 pamodzi ndi mafupa a asilikali kupita ku manda a Vladslo, kumene kwagona anthu oposa 25,000, ndipo dzina la Peter lili pa kamwala kapansi kutsogolo kwa bambo, pakati pa mayina ena.

Kuti zosankha zija ndizo zimanyamula za mumtima zinaonekanso iye atamwalira kale. Chosema cha mayi ndi mwana wakufa chija anachipanga chaching'ono, chosafika theka la mita, choti n'kukhala pathebulo m'chipinda. Mu 1993 boma la Germany lotsogozedwa ndi Helmut Kohl linachikulitsa pafupifupi kanayi n'kuchiika m'nyumba ya Neue Wache ku Berlin ngati chikumbutso cha dziko lonse cha anthu ofa ndi nkhondo ndi ulamuliro wankhanza. Panabuka mtsutso. Ena anati chifanizo cha mayi wonyamula mwana wake wakufa n'chochokera ku Chikhristu ndipo sichingaimire Ayuda amene anaphedwa mabanja athunthu, amayi ndi ana omwe, popanda wotsala wowalira. Ena anati kuika pamodzi asilikali a Germany ndi anthu amene asilikaliwo anawapha n'kusokoneza mlandu. Ndipo odziwa za kusema anadandaula za kukula komweko, chifukwa mizere ndi maonekedwe ake zinali zomwezo koma chinthucho chinali chitasanduka china. Mayi amene anatha zaka zambiri akuvula chisoni chake chovala cha boma anachipanga chaching'ono mwadala, ndipo boma litachifuna linayamba ndi kusintha msinkhu wake.